Katungwe, Bulangeti Lolemera ndi Foni: Mmene Mungasankhire Zipangizo za Mwana Amene Thupi Lake Limamva Zinthu Mosiyana

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka zinayi, ankati akangomva kulira kwa chigayo amadzigwetsa pansi, zikhatho zili kumakutu, ndipo tsiku lometa tsitsi pankafunika akuluakulu awiri omugwira. Koma mwana yemweyo ankatha kuzungulira ngati nguli kwa nthawi yaitali osamva chizungulire, ankadziwombetsa dala kukhoma, ndipo kolala ya malaya ake inkakhala yonyowa ndi yobookabooka chifukwa choitafuna. Achibale ena ankati mayi ake anamusasatitsa, ena ankanong'ona zoti walodzedwa. Chinthu choyamba chimene banja linapeza pofuna kumuthandiza chinali bulangeti lolemera limene mbale wina anatumiza kuchokera ku Johannesburg pamtengo wokwera ndithu. Mwanayo analikana usiku woyamba womwe, ndipo linathera m'sutikesi. Bulangetilo linalibe vuto lililonse, koma linagulidwa pasanapezeke munthu wofunsa kuti chikumusautsa mwanayu n'chiyani kwenikweni.

Kusukulu tinaphunzira kuti munthu amazindikira zomuzungulira kudzera m'kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza. Akatswiri a occupational therapy, amene ntchito yawo ndi kuthandiza munthu kuti azitha zochita za tsiku ndi tsiku monga kudya, kuvala, kusewera ndi kulemba, amawonjezerapo njira zina zitatu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo ngati mutu wapendama, ngati thupi likuyenda kapena likuzungulira. M'minofu ndi m'mfundo za mafupa mumachokera uthenga wonena pamene pali dzanja kapena mwendo ndi mphamvu imene ukugwiritsa ntchito, ndipo n'chifukwa chake mumatha kutema mbamu ya nsima mumdima osaphonya pakamwa. Njira yachitatu ndi ya m'kati mwa thupi, imene imadziwitsa munthu kuti ali ndi njala, ludzu kapena akufuna kukataya madzi. Ubongo umalandira mauthenga onsewa nthawi imodzi n'kusankha ofunika. Kwa ana ena kusankhako sikuyenda bwino, moti phokoso laling'ono limawapweteka ngati chitsulo cholasa m'khutu, pamene kugwa kumene kukanaliza mwana wina iwo sakumva n'komwe. Amene anayamba kufotokoza zimenezi mwadongosolo ndi A. Jean Ayres, katswiri wa ku University of Southern California amene anamwalira mu 1988, ndipo zipangizo zambiri zimene zikugulitsidwa lero zinachokera m'zipinda zochitira masewera zimene iye ndi ophunzira ake ankathandiziramo ana.

Yambani ndi kope, osati ndi sitolo

Musanatulutse ndalama iliyonse, tengani kope wamba ndipo kwa milungu iwiri muzilemba nthawi iliyonse imene mwana wavutika kapena wachita chinthu chokudabwitsani. Lembani ola lake, malo ake, chimene chinachitika asanayambe, chimene iye anachita, ndi chimene chinamukhazika mtima pansi. Musalembe kuti "anavuta", koma lembani kuti mvula itayamba kugunda pamalata analowa kunsi kwa bedi ndipo anatuluka patatha theka la ola. Mukawerenga zonse pamodzi mudzaona kuti zimene munkaziyesa nkhuli kapena mwano zili ndi kanjira kake.

Winnie Dunn, amene mu 1999 anatulutsa mndandanda wa mafunso wotchedwa Sensory Profile umene akatswiri amafunsa makolo ndi aphunzitsi, anagawa machitidwe a ana otere m'magulu anayi. Pali ana ofunafuna, amene sakhuta kudumpha, kukhudza ndi kutafuna. Pali opewa, amene amathawa phokoso ndi khamu la anthu. Pali omva msanga, amene kapepala ka pakhosi pa yunifolomu kamawasokoneza tsiku lonse ngakhale sathawa. Ndiye pali ochedwa kumva, amene mumawaitana katatu asanacheuke, ndipo sazindikira kuti pakamwa pawo patsala phala. Chimene makolo ambiri chimawasokoneza n'chakuti mwana mmodzi akhoza kukhala wopewa pa nkhani ya makutu koma wofunafuna pa nkhani ya kuzungulira, monga analili mwana wa mchemwali wanga uja. Chipangizo chothandiza gulu limodzi chikhoza kuzunza gulu lina.

Kope limenelo mupite nalo kuchipatala. Mwana ayambe wapimidwa makutu, mano ndi maso, chifukwa mafinya a m'khutu, dzino lobooka ndi kudzimbidwa zimachititsanso mwana wosatha kulankhula kudzimenya mutu kapena kukana chakudya. Dokotala adziwenso ngati mwanayo amagwa khunyu kapena ngati anadwalapo malungo a muubongo, popeza matenda amenewa amasiya ana ena atasintha khalidwe. Dziwaninso kuti vuto la kamvedwe ka zinthuli madokotala ambiri saliwerenga ngati matenda paokha. Buku la DSM-5 la mu 2013, limene madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo, linaliika pakati pa zizindikiro za autism, kakulidwe ka ubongo kamene kamakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kucheza ndi anthu ena, ndipo vutoli limaonekanso mwa ana ena amene satha kukhazikika kapena amene anachedwa kukula. Kenaka funsani ku dipatimenti ya mafizo ngati kuli katswiri wa occupational therapy. Akatswiriwa ndi ochepa kuno kwathu, koma mukhoza kuyambira kuzipatala zazikulu, ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kapena kwa mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Pomaliza pa gawoli, sankhani cholinga chimodzi chimene mungachione ndi maso: kuti akhale pamkeka mpaka amalize kudya, kuti alole mswachi kulowa m'kamwa, kapena kuti athe ola limodzi m'kalasi osathawira panja. Chipangizo chilichonse chimene mugule kapena kupanga chiyenera kutumikira cholinga chimenecho.

Katungwe ndi zipangizo zoyendetsa thupi

M'chipinda cha katswiri chinthu choyamba chimene mudzaone ndi katungwe, ndipo amakhalapo a mitundumitundu: wathabwa lotambalala loti mwana akhalepo kapena agonepo chafufumimba, wansalu yotanuka wokuta thupi lonse ngati chisa, ndi wonga mtsamiro wautali woti aukwere ngati bulu. Chofunika kuchidziwa si mtundu wa katungwe koma kayendetsedwe kake. Kukankha pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, mofanana ndi mmene mayi amagwedezera khanda kumsana, kawirikawiri kumatonthoza. Kuzunguliza, kuthamangitsa ndi kuimitsa mwadzidzidzi kumadzutsa thupi, ndipo mphamvu yake imatha kukhalabe kwa maola angapo, mwakuti mwana amene wazunguliridwa madzulo akhoza kukanika kugona usiku.

Pakhomo mukhoza kupanga katungwe ndi chitenje cholimba chopindidwa pawiri kapena ndi tayala lakale la galimoto lotsukidwa bwino ndi kuboola kunsi kwake kuti lisasunge madzi a udzudzu. Mumangirire panthambi yaikulu yamoyo kapena pamtanda umene kalipentala waupima, ndipo munthu wamkulu ayambe wakhalapo yekha kuti aone ngati ukupirira. Akhale wotsika moti mapazi a mwana azifika pansi, kunsi kwake kukhale mchenga kapena matiresi, ndipo mozungulira musakhale khoma, mbaula kapena chitsa. Mwana asasiyidwe yekha pa katungwe wansalu, chifukwa nsalu ikapotana imatha kukola khosi, ndipo mukamaliza muzimasula n'kusunga. Yambani ndi mphindi zochepa mukuyang'ana nkhope yake. Akayamba kutuluka thukuta, kuyasamula pafupipafupi, kuchita nseru, kufooka kapena kuseka mopanda malire, imitsani pomwepo, chifukwa ana ofunafuna sadziwa kunena kuti zakwana.

Pali ana ena amene amachita mantha aakulu mapazi awo akangochoka pansi, moti ngakhale kuwanyamula mwadzidzidzi amakuwa ngati akugwera m'chitsime. Mwana wotero musamukakamize poganiza kuti azolowera. Muyambe naye atakhala pamiyendo panu inu mutakhala pampando, mukugwedezeka pang'ono, kenaka pa mpira waukulu wamphira mutamugwira m'chiuno mapazi ake ali pansi, ndipo iye ndiye azinena nthawi yoyamba ndi yolekeza. Zimenezi zimatenga miyezi, ndipo kufulumira kumabweza zonse m'mbuyo.

Ntchito zolemetsa minofu ndi bulangeti lolemera

Pa zonse zimene ndaona, chimene sichivulaza kawirikawiri komanso chotsika mtengo ndi ntchito yopatsa minofu cholemera: kukankha, kukoka, kunyamula ndi kufinya. M'maiko olemera amagula zingwe zotanuka, timatabwa tamatayala ndi mipira yolemera kuti apeze zimenezi, pamene pakhomo pathu zilipo kale. Mwana akankhe wilibala ili ndi mchenga pang'ono, anyamule kachigubu ka malita awiri kuchokera kumpopi, akolope pakhonde atagwada, afinye zovala pochapa, kapena asinje ndi kamunsi kolingana ndi msinkhu wake. Muziika ntchito zimenezi patsogolo pa nthawi yovuta, monga asanapite kusukulu kapena asanakhale pansi kudya. Patricia Wilbarger anatcha dongosolo lotere kuti sensory diet, kutanthauza kuti thupi lizilandira zimene likusowa pang'onopang'ono tsiku lonse monga limalandirira chakudya.

Bulangeti lolemera ndi chovala cholemera ndiye zofunika kusamala kwambiri, ndipo pano ndikufuna kulankhula mosapita m'mbali chifukwa ogulitsa sanena zonse. Mu 2008 ku Quebec, m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 amene anali ndi autism anamwalira atamukulunga m'bulangeti lotere kusukulu. Mu Disembala 2022 sitolo za Target ku America zinaitanitsa mabulangeti olemera a ana oposa 200,000 kuti abwezedwe, atsikana awiri atafa chifukwa chobanika atalowa m'kati mwa chikuto chake. Komanso kafukufuku wa ku Britain amene anatuluka mu 2014, wokhudza ana oposa 60 okhala ndi autism, anapeza kuti mabulangetiwa sanawonjezere nthawi yogona, ngakhale ana ndi makolo ambiri ankawakonda. Choncho ngati katswiri wavomereza kuti muyese, kulemera kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwana, kutanthauza makilogalamu 2 kwa mwana wa makilogalamu 20. Lisaphimbe mutu, mwana asakulungidwemo, azitha kulichotsa yekha, ndipo munthu wamkulu akhale pafupi. Khanda, mwana wodwala mphumu, wa khunyu, wa vuto la mtima kapena wofooka minofu asafunditsidwe bulangeti limeneli. Kumadera otentha ngati ku Nsanje kapena ku Salima ganiziraninso za kutentha kwake. Nthawi zambiri kathumba kamchenga kosokedwa kawiri, koika pamiyendo kwa mphindi zochepa pamene mwana akudya kapena akulemba, kamagwira ntchito yomweyo popanda zoopsa zonsezi.

Manja, pakamwa ndi makutu

Kwa mwana amene amanyansidwa ndi zomata, konzani beseni la mchenga wouma mubisemo tizidole kapena zitsekerero zazikulu za mabotolo. Yambirani pa zouma, kenaka mchenga wonyowa, kenaka dongo, ndipo thovu la sopo ndi zoterera ngati therere zibwere kumapeto. Ngati sakufuna kugwira ndi dzanja, mpatseni supuni kapena kamtengo, ndipo pambali pakhale madzi ndi kansalu kuti adziwe kuti akhoza kusamba nthawi iliyonse. Nyemba ndi chimanga musapatse mwana amene amaika zinthu m'kamwa, m'mphuno kapena m'khutu. Timikanda tofewa tofufuma m'madzi timene timagulitsidwa ngati zoseweretsa tipeweni kotheratu, chifukwa tikamezedwa timakula m'matumbo n'kuwatseka. Pali burashi yapadera yotsukira khungu imene akatswiri ena amagwiritsa ntchito, koma imeneyo musayese popanda kuphunzitsidwa pamaso. Kumbukirani kuti kukhudza mopepuka, kongodutsa pakhungu, ndiko kumanyansa kwambiri ana otere, pamene kugwira molimba ndi chikhatho chonse amakulola msanga, ndipo n'chifukwa chake pomusambitsa ndi pomupukuta ndi bwino kutsindika thaulo m'malo molikhwekhwereza.

Mwana wotafuna makolala ndi mapensulo mukhoza kumugulira chotafuna cha silikoni chopangidwira ntchito imeneyi, chokhala ndi chingwe choduka chokha chikakokedwa. Muzichitsuka tsiku lililonse ndi kuchitaya chikayamba kung'ambika. Nzimbe, chimanga chootcha, karoti ndi kuyamwa phala lamadzimadzi ndi kapaipi zimapatsanso nsagwada ntchito imene zikufuna, malinga mwanayo akhale wodziwa kale kutafuna ndi kumeza bwino.

Zotsekera makutu zooneka ngati mahedifoni, monga za 3M Peltor za ana, ndizo zinasintha moyo wa mwana wa mchemwali wanga. Tsiku loyamba kuzivala popita kuchigayo anaima pakhomo penipeni, dzanja lili m'dzanja la mayi ake, akuyang'ana lamba akuzungulira ndi ufa ukutsikira m'thumba, ndipo sanalire. Koma zimenezi n'zovala pa nthawi yake: kuchigayo, kumsika, ku tchalitchi kumene kuli zokuzira mawu, kapena mvula yamabingu ikamagwa. Akazivala tsiku lonse makutu amazolowera bata, phokoso wamba limayamba kumupweteka kuposa kale, ndipo amaphonya mawu amene amafunika kuwamva kuti aphunzire kulankhula.

M'kalasi, chubu chakale cha njinga chomangidwa pamiyendo yakutsogolo ya mpando chimapatsa mapazi chokankha mwana ali chikhalire. Mpando ukhale woti mapazi afike pansi. Ngati palibe wa msinkhu wake, ukhoza kupangidwa ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa n'kukutidwa ndi mapepala, luso limene Bevill Packer analikulitsa ku Zimbabwe ndipo gulu la APTERS ku University Teaching Hospital ku Lusaka limapangira mipando ya ana olumala. Zipinda zamagetsi amitundumitundu ndi nyimbo zofewa zotchedwa Snoezelen, zimene zinayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970, n'zokongola koma n'zodula, ndipo chimene ana ambiri amasowa ndi kangodya kabata chabe. Tebulo lofunditsidwa chitenje, mkati muli mtsamiro, ndi lokwanira, bola lisasanduke malo olangira.

Mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta

Palibe pulogalamu imene ingalowe m'malo mwa katungwe kapena dongo, pakuti vutoli lili m'thupi ndipo galasi la foni limangofikira maso, makutu ndi nsonga ya chala. Chimene foni imathandiza kwenikweni ndi zinthu ziwiri: kudziwitsa mwana chimene chikubwera, ndi kumupatsa njira yonenera chimene chikumupweteka.

Mwana amene amadziwa kuti pambuyo pa kusamba pakubwera phala, ndipo pambuyo pa phala pakubwera sukulu, savutika ngati amene zonse zimamugwera modzidzimutsa. Jambulani ndi foni zinthu zake zenizeni, beseni lake, mbale yake, chipata cha sukulu yake, muzisanje motsatana. Zithunzi zojambula pamanja zaulere mungazipeze pa ARASAAC, nkhokwe ya boma la Aragón ku Spain. Kuwonjezera apo gwiritsani ntchito wotchi yooneka ndi maso monga Time Timer, imene imasonyeza nthawi ngati chigamba chofiira chomwe chikunka chichepa, kuti mwana aone kuti kumeta kapena kutsuka mano kuli ndi mapeto.

Kwa mwana wosalankhula pali mapulogalamu amene amatchula mawu akadina chithunzi. Proloquo2Go, ya kampani ya AssistiveWare ya ku Amsterdam, ndi yotchuka koma ndi yogula, imagwira pa zipangizo za Apple zokha monga iPad ndi iPhone, ndipo ilibe Chichewa. Cboard ili ndi mbali yaulere, inathandizidwa ndi UNICEF, ndipo imalola kuikamo zithunzi zanu ndi kujambula mawu anu, moti mwana akadina amamva mawu a mayi ake akuti "phokoso", "ndatopa" kapena "ndikufuna katungwe". Yambani ndi zithunzi zinayi zokha, ndipo inu muzidina nokha pamene mukulankhula naye kuti aonere. Akapempha kupuma kudzera pa chithunzi, mpatseni mpumulowo nthawi yomweyo, apo ayi adzabwerera ku kukuwa chifukwa ndiko kumamveka msanga. Zithunzi zomwezo muzisindikizenso papepala n'kuzikuta ndi pulasitiki, pakuti magetsi amazima, batire imatha, ndipo pepala likhoza kupita naye kubafa ndi kudimba.

Musanamupatse foni, ikonzeni. Chepetsani kuwala ndi mawu, tsekani mauthenga olowa, ndipo mutsekereni m'pulogalamu imodzi. Pa iPhone ndi iPad zimenezi zimatchedwa Guided Access ndipo zili pansi pa Accessibility, pamene pa Android zimatchedwa App pinning kapena Screen pinning ndipo kawirikawiri zimapezeka pansi pa Security. Mapulogalamu a mitundu yothwanimathwanima amene amalengezedwa kuti amatonthoza ana muwapewe ngati mwana ali ndi khunyu, ndipo ngakhale alibe, onetsetsani ngati akasiya foniyo amakhala wodekha kapena wolusa kuposa poyamba. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni yogwiritsidwa ntchito ngati pakamwa pa mwana ndi nkhani ina, koma yoonerapo makatuni iwerengedwe pa malire amenewo.

Kuyesa ngati chikugwira ntchito

Umboni wa asayansi pa njira zimenezi ndi wosakanikirana, ndipo mu 2012 bungwe la American Academy of Pediatrics linalangiza madokotala kuti aziuza makolo zoona zake ndi kuwathandiza kuyesa chithandizocho kwa nthawi yoikika, akuyang'ana ngati chikusintha kanthu. Chitani zomwezo m'kope lanu lija. Lowetsani chipangizo chimodzi pa nthawi, chifukwa mukayamba zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Lembani mmene zinthu zinalili musanayambe, mwachitsanzo kuti ankadzuka pamkeka kasanu asanamalize kudya, ndipo muwerengenso mlungu uliwonse kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Uzani aphunzitsi, agogo ndi aliyense wotsala naye kuti azichita mofanana, ndipo muwasonyeze ndi manja anu mmene chipangizocho chimagwirira ntchito. Ngati nambala ija yatsika, pitirizani ndipo musankhe cholinga chachiwiri. Ngati sinasinthe, kapena mwana akuthawa akangoona chipangizocho, chisiyeni ngakhale chinadya ndalama zambiri, mubwerere kwa katswiri ndi kope lanu, ndipo ngati pali banja lina la mwana wotere limene katswiriyo akuona kuti chingawathandize, abwerekeni ayese asanagule chawo.